Zisa Zinayi za Bambo Nantchengwa

Padangokhala Bambo Nantchengwa ndi Mayi Njiwa. Chaka chimene namondwe anagwetsa mitengo, zisa zinasowa m'dambo monse. Nantchengwa anali nazo zinayi, koma zitatu anazimata ndi dothi podikira kuti lendi ikwere.

Njiwa, masiku oikira atayandikira, anakadandaula kwa Oweruza Nkhwazi kuti Nantchengwa akungosunga zisa zopanda ogonamo.

"Mayiwa akunama, ine ndimagona monsemo!" anatero Nantchengwa.

"Tsegulanitu bambo, tione mphasa zanuzo," anayankha Njiwa.

Atagumula choyamba, munatuluka njoka. M'chachiwiri munabuka mavu, namuluma Nantchengwa mpaka mutu kutupa kunkhongo.

Nkhwazi anagamula kuti, "Nyumba ukamana anzako, imadziitanira alendo ake. Chachitatucho alowemo Mayi Njiwa lero lomwe."

Njiwa analowa akuimba, naikira dzira lake pouma. Nantchengwa anavomera chigamulocho, ndipo mutu uja sunaphwe mpaka lero.