Birimankhwe Akonza Nthano ya Fisi

Padangokhala, Birimankhwe ndi Fulu ankalimbirana ana oti aziwasimbira nthano. Fulu ankasimba ya makedzana, ya Fisi wodya timbuzi, osasintha ngakhale liwu limodzi.

"Zachikale zimenezo, achimwene," anatero Birimankhwe. "Ana amakono safuna zoopsa."

M'nthano yake, Fisi anasanduka mlimi wa maungu wokonda alendo. Ana onse anakhamukira kwa Birimankhwe, iye n'kumasintha mitundu ndi chimwemwe.

Tsiku lina Fisi anamuimika panjira, akukha dovu.

"Zikomo, aphunzitsi! Timbuzi tamva nthano yanu ija, ndipo tanena kuti mawa tibwera kwathu kudzapempha maungu."

Birimankhwe anatuwa ngati phulusa. Ananyamuka kuti akachenjeze timbuzi tija, koma mwendo uliwonse umayamba waganiza kaye usanaponde pansi.

Mpaka lero akadali panjira, akunjenjemera.