Woyang'ana Chithunzi cha Sumaiya

Tiyanjana anali asanakhale n'komwe pansi pamene a Swadick anamenya tebulo la pakhonde, n'kumuuza kuti atsegule laputopu awawerengere nambala ya lero.

A Swadick anali mwini kaloji ka zipinda zisanu ku Nkhudzi. Lolemba anaitana Tiyanjana kuchokera ku Mangochi boma kuti adzaike matagi pa webusaiti ya lojiyo. Matagi ndi timalamulo ta kompyuta tobisala m'masamba a webusaiti, tomwe timanena kuti kwalowa foni ya mtundu wanji, ili dera liti, ndipo yatsegula tsamba liti. Dzina la munthu sititchula, timangopatsa foni iliyonse nambala yake. Tiyanjana anaika matagi onse m'bokosi limodzi, n'kutsala ndi kantchito kamodzi kakang'ono. Koma a Swadick anali munthu wosadziwa kudikira, nsomba ili pamoto iwo mbale ili kale m'manja. Anamukakamiza kuti ayatse zonse tsiku lomwelo, zotsalazo adzamalize Lachisanu.

Madzulo a Lolembalo Tiyanjana anawaimbira mosangalala. Anati tsamba la zakudya likuyenda bwino, moti foni ina, ya nambala yothera ndi 47, yalitsegula kasanu ndi kanayi. Patsambapo panali chithunzi cha Sumaiya, mkazi wa a Swadick, akumwetulira atanyamula mbale ya chambo. A Swadick anakana chithunzicho mwezi wathunthu, ndipo anavomera monyinyirika atamva kuti alendo amakonda kuona nkhope ya wophika.

Chiyambire foni imeneyo bamboyo sanakhalenso ndi mtendere. Ankaimba m'mawa, ankaimba masana. Lachiwiri nambala inafika 30. Lachitatu 88. Lachinayi inadutsa 150, ndipo foni yake inali yomweyo, dera lake Mangochi.

Lero, Lachisanu, inali 212. Tiyanjana anaiwerenga ndi mawu otsika, natchulanso mtundu wa foniyo.

A Swadick mtunduwo anaudziwa. Anagula okha mafoni otere ku Limbe, awiri pamtengo wotsitsa, imodzi n'kupatsa Shafi woyendetsa boti kuti alendo azimupeza. Shafi anali atawagwirira ntchito zaka khumi ndi chimodzi, ndipo dzanja lake lamanja ndilo linkadyetsa ana atatu ku Lungwena. Koma ndi Shafi yemweyo amene ankatungira Sumaiya madzi osatumidwa. Ndi yemweyo ankadyera kukhitchini, ndipo abwana akamadutsa ankaponya foni m'thumba msangamsanga. Tiyanjana yemwe, kunena zoona, mumtima anali atamuweruza kale.

A Swadick anaitanitsa Shafi. Shafi anakwera khonde miyendo ili mchenga wokhawokha, napereka salamu. A Swadick anatambasula dzanja kufuna foni, Shafi naibweza kumbuyo, akuti muli zake zachinsinsi.

"Walahi, abwana, sindikudziwa chimene ndalakwa."

Nkhafi inali itatsamira khoma. A Swadick anaitola n'kumumenya nayo paphewa. Kachiwiri inatera pakamwa, dzino linagwa pasimenti, magazi n'kuthimbirira malaya. Shafi anatchinga kumutu ndi dzanja lamanja lija, ndipo kachitatu panamveka kuthyoka ngati nkhuni youma. Anagwa chagada akubuula.

Sumaiya anatuluka kukhitchini ali ndi mamba a nsomba m'manja, nagwira amuna ake m'chiuno. A Swadick anamukankhira kukhoma, mpango n'kugwa kumutu. Tiyanjana anaimirira, nayesa kunena kuti makinawo satchula dzina la munthu, kuti nambala si mboni. A Swadick anamuloza ndi nkhafi ija.

"Chemwali, inu ntchito yanu mwatha. Khalani pansi."

Anakhala. Mantha anamugwira, ndipo manyazi anamugwira koposa, chifukwa nambala zonsezo zinatuluka pakamwa pake.

Foni ya Shafi inali itagwera pansi pa mpando. A Swadick anaikoka ndi phazi, naisinja ndi chigwiriro cha nkhafi mpaka batire linatulukira panja. Anauza Shafi kuti dzuwa likamalowa asaonekenso ku Nkhudzi, akaonere akazi a eni kwawo. Shafi anali atafungatira dzanja lothyokalo, akulavula magazi.

Tiyanjana, posowa koyang'ana, anayang'ana laputopu yake. Pakona yoonetsa anthu amene ali pa webusaiti nthawi yomweyo panalembedwa 0. A Swadick anasuzumira, naseka kaseko koipa, nati wakubayo wagwidwa.

Kenaka anapukuta thukuta, natulutsa foni yawo m'thumba la mkanjo. Chala chinapita chokha pamene chinazolowera. Anatsegula tsamba la zakudya, naika foniyo pamphuno pa Tiyanjana.

"Chithunzi ichi muchichotse pompano."

Pa laputopu 0 uja anasanduka 1. Foni yothera ndi 47, Mangochi, kutsegula kwa nambala 213.

Kantchito kamene Tiyanjana anasiyira Lachisanu kanali kouza matagi kuti asamawerenge foni ya mwini loji.