Chimphaka cha Kumabini

Mpongozi wanga Stephanie anakana kukataya zinyalala, ati, "Amayi, kwada." Kwada? Ngati kwawo kuli magetsi! Ndinanyamula ndekha.

Kumabini kuja, mayo ine! Ndinapeza chimphaka chofiirira ngati mkango waukazi, mchira mpaka pansi. Muno mu Thamesmead, m'tauni ya azungu!

Chilombo chotere suchithawa, suchipatsanso msana. Ndinatambasula chitenje m'mwamba kuti ndioneke wamkulu, n'kukuwa, "Choka! Ndakalipirapo anthu oipa kuposa iwe!"

Chinapinda makutu, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Ndinaseka, ndati Stephanie amva lero.

Kenako ndinaona maso ake. Sichimayang'ana ine. Chimayang'ana pamwamba pa mutu wanga, chikunjenjemera.

Kucheuka sindikanatha, chilombo chili patsogolo. Kumbuyo kwanga wina anagwira nsonga za chitenje chija, n'kundithandiza kukweza, mpaka pomwe mkono wa munthu sungafike.