Pamjigo Panasowa Awiri

"Dzuka pamenepo, iwe! Mwana wa ndani ameneyo?"

Amake Joanna analowa m'kalasimo osaodira n'komwe, fumbi la ku Zingalume lili mbuu m'miyendo. Masabata atatu mtedza ukumera m'munda osakumbidwa, Joanna akuti ali kusukulu ya zachikhalidwe kuphunzira chimtali. Chimtali chake chiti chovina anthu awiri? Pawindo anali atadzionera okha mnyamata wamtali atagwadira mwana wawo.

Ophunzira onse anafa nacho chiseko. A Yoweli, aphunzitsi a zisudzo, anawomba m'manja.

"Amayi, ndi sewero chabe! Uyu ndi Osward, akusewera ngati wofunsira mbeta. Cathrine, iwe ndiwe mayi m'seweroli, wamva mmene amakalipira mayi weniweni? Osati zako zonong'ona zija."

"Ndiye palibe chilipo?"

"Palibe, amayi. Khalani pansi muonere nawo."

Anakhala pabenchi, manyazi atawagwira. Posakhalitsa a Yoweli anati onse apume kaye, ophunzira n'kuthamangira kukamwa madzi pamjigo wa pasukulupo. Amake Joanna anasuzumira pawindo, nayamba kuwawerenga mmodzimmodzi pamjigo paja.

Joanna panalibe. Osward nayenso panalibe.