Magazi Amene Anakhalitsa Patebulo

Panali munthu wina, katswiri wa za magazi, amene ankagwira ntchito mu labu ina yofufuza matenda. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo ine ndaona kuti ndisaisunge ndekha.

Ntchito yake inali yoyeza mapuloteni. M'magazi a munthu muli mapuloteni amitundu yambirimbiri, ndipo munthu akayamba kudwala ena amachuluka, ena amachepa, ena amasintha. Masiku ano kuli makina otha kuyeza mapuloteni ochuluka nthawi imodzi kuchokera m'kadontho ka magazi. Mkuluyu ankafuna kupeza mapuloteni oti aziulula khansa ya chiwindi isanafike poipa.

Mutu wake unali wogwira, apa tisamunamizire. Koma anali wamatama ndipo sankakhulupirira munthu. Masana ankadya yekha maso ali pakompyuta, poopa kuti anzake amubera nzeru. Padziko pano anali ndi munthu mmodzi yekha, mlongo wake wamkulu, telala, amene anamulera makolo awo atamwalira. Mlongoyo ankamutcha Kadokotala, ndipo masana aliwonse ankamuimbira foni kumufunsa ngati wadya.

Tsiku lina makina anaonetsa zimene ankazifuna. M'magazi a odwala khansa mapuloteni ena ankaoneka odukaduka, pomwe m'magazi a anthu abwinobwino anali athunthu. Anasangalala mpaka anapereka moni kwa anzake, labu yonse inadabwa.

Mayi wina, katswiri mnzake, anamufunsa mmene magaziwo anatengedwera. Iye anayankha kuti a odwala ankachokera kuchipatala pa njinga yamoto, ndipo ankafika atayenda tsiku lonse. A anthu abwinobwino ankawatengera mu labu momwemo n'kuwaika mufiriji nthawi yomweyo.

"Ndiye simunayerekeze zinthu zofanana," anatero mayiyo. "Magazi akakhalitsa pofunda, mapuloteni amaduka okha. Tengani magazi a magulu onse awiri mofanana, muyezenso. Ine ndikuthandizani."

Mkuluyu anangoseka. Mumtima anati mayiyo wayamba nsanje, akufuna dzina lake lilowe nawo pa ntchito ya eni.

Nthawi yomweyo mlongo wake uja anayamba kuwonda ndi kumva kupweteka pansi pa nthiti zakumanja. Kuchipatala anamuuza kuti abwerenso adzamujambule m'mimba, mwinanso adzadule kachidutswa ka chiwindi kuti akayeze. Mayi wa anthu anachita mantha, n'kuimbira mchimwene wake.

"Achemwali, musavutike ndi mizere ya kuchipatala," anatero iye. "Ndikuyezani ndekha, kadontho kamodzi basi."

Anapita kunyumba kwa mlongo wakeyo ndi kabokosi ka ayezi. Poti anali magazi a munthu amene ankamukonda, anawasamala kuposa onse. Atangowatenga anawakwirira mu ayezi, kufika ku labu n'kuwaika mufiriji. Makina anaonetsa mapuloteni athunthu. Anamuimbira foni mokondwa kuti khansa palibe, ndi kutopa chabe, amakhalitsa pa makina osokera.

"Kadokotala wanga wanena, ndikatayirenji nthawi kuchipatala?" anatero mlongoyo. Tsiku lokajambulidwa lija analithera pomusokera malaya.

Panapita miyezi. Mayi wa ku labu uja mtima sunali m'malo, choncho anadzitenga magazi n'kuwagawa pawiri. Ena anawaika mufiriji, ena anawasiya patebulo pafupi ndi windo mpaka nthawi yoweruka. M'mawa mwake anawayeza onse, kenako anaitana mkulu uja kuti adzawerenge zotsatira. Iye anayang'ana n'kunena molimba mtima kuti munthu woyamba ali bwino, wachiwiriyo ali ndi khansa.

"Magazi onsewa ndi anga," anatero mayiyo. "Zimene mwakhala mukuyeza si khansa ayi. Mwakhala mukuyeza kuchedwa kwa njinga yamoto."

Nthawi yomweyo mkuluyu anaganiza za magazi a mlongo wake amene anawakwirira mu ayezi aja. Apa m'pamene anakumbukira kuti masiku angapo apitawo foni ya masana sinalire, iye osalabadira chifukwa cha ntchito. Anaimba, koma anayankha ndi mayi woyandikana nyumba ndi mlongo wakeyo. Anati mlongo wake amugoneka m'chipatala, maso achita chikasu, mimba yatupa, ndipo mlongoyo anawaletsa kumuuza poopa kumusokoneza pa ntchito.

Madokotala sanamubisire. Anati akanabwera nthawi ija akanatha kumuchita opaleshoni, koma tsopano matenda afalikira. Mkuluyu anagwada pambali pa bedi n'kuulula zonse, akulira ngati mwana. Mlongoyo anamusisita pamutu.

"Usalire, Kadokotala. Makina anga osokera aja nawonso amadumphitsa ulusi. Nanga wadya?"

Sipanapite nthawi yaitali, mlongoyo anamwalira.

Akuti mkuluyu akadali mu labu yomweyo. Masiku ano sayeza kanthu popanda kufunsa anzake, ndipo anzakewo amamuitana kuti akadyere limodzi, koma iye amakana. Amakhala pampando wake atavala malaya aja, chakudya chili patsogolo, foni ili pambali. Foniyo siilira.

Phunziro: Makina ngakhale akhale odula bwanji, amayankha malinga ndi zimene wawapatsa. Mnzako akakufunsa funso lovuta, usathamangire kunena kuti ndi nsanje. Ndipo dokotala akakuuzani kuti mubwerenso, pitani, ngakhale wachibale wophunzira atakuuzani kuti muli bwino. Tumizani nkhaniyi kwa ena, makamaka kwa wachibale amene wakhala akuzengereza kubwerera kuchipatala.