Kwinini wa Yunesi

Adelina anali pakhonde kusadzula nkhwani pamene Filimoni, mwamuna wa malemu mng'ono wake, anaika kabotolo kopanda kanthu m'lichero. Panali patapita masiku atatu chiikireni Yunesi m'manda.

"Mukukadziwa aka, alamu?"

Adelina anakayang'ana, napitiriza kusadzula.

Kabotoloko Filimoni anakavutikira. Dzinja la 1924 malungo anagoneka anthu m'midzi ya ku Mkaika, ndipo Yunesi anali mmodzi wa oyamba kugwa. Filimoni Phiri, mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzimo, anayenda masiku awiri kupita kumishoni, akuwoloka mitsinje yosefukira. Dona wa pachipatala anamupatsa mibulu khumi ndi iwiri ya kwinini, mankhwala owawa aja a malungo, nalemba dzina la Yunesi pabotolo. Umodzi m'mawa uliwonse mpaka yonse ithe, anatero, ndipo osagawirako wina. Pobwerera, nayenso Filimoni thupi linayamba kuphwanya, mano akugundana. Anangoti malungo a mwamuna amatha ndi thukuta.

Koma pamudzi mankhwala amapemphedwa ngati mchere. Asanavule n'komwe jekete, anthu anali atayamba kale kuodira pakhomo. "Kambulu kamodzi kokha, aphunzitsi. Mayi akutentha." Onse anawabweza. Anamutcha mkamwini wouma mtima, wodya za m'mudzi mwa eni koma womana eni ake. Adelina nayenso anabwera, nagwada, kupempha mankhwala a mwamuna wake Jailos. Anabwerera chimanjamanja.

Komabe Adelina sanaleke kubweretsa thobwa m'mawa uliwonse, poti mng'ono wake sankatha kuphika. Thobwalo linkawawa ngati ndulu. Filimoni anati mumtima, mkwiyo wa mlamu walowa mpaka m'chimera. Ankamwabe chifukwa Yunesi, ali chigonere pamphasa, ndiye ankamuthirira m'chikho.

"Imwani lonse, a Phiri. Ana akudikira kusukulu."

"Nanga iwe, mankhwala wamwa?"

"Ndamwa kale."

Sabata isanathe, Filimoni thupi linapepuka. Jailos anadzuka, natenga khasu kukapalira. Yunesi yekha ndiye ankangofota. Tsiku lomwe botolo linatha, anakoka mwamuna wake malaya n'kunong'ona: "Mundikhululukire. Sindinamweko ngakhale umodzi. Ndinapatsa munthu." Dzina la munthuyo anapita nalo kumanda.

Filimoni sanavutike kulisaka. Ndani ankalowa m'nyumbamo tsiku ndi tsiku iye ali kusukulu? Ndi mwamuna wa yani amene anachira ngati wachita kulodzoledwa? Tsopano m'thumba mwake munali kalata yopita kwa akulu a mpingo. Lamulungu likudzalo Adelina adzaimitsidwa pamaso pa anthu ndi kudulidwa mumpingo, mudzi wonse udziwe amene anadya moyo wa mbale wake.

"Mkazi wanga anali wofewa mtima, inu munkadziwa," anatero. "Ine nditakukanizani, munakalirira wodwala. Lero amuna anu akupalira chimanga, wanga akudyedwa ndi chiswe. Mukayankha kumpingo."

"A Jailos anachira ndi mizu ya amalume awo. Kafunseni."

"Bodza! Njiru yanu ndinkaimva ngakhale m'thobwa lanu lowawa lija."

Apo manja a Adelina anaima. Anaika tsamba pansi, napukuta zala pachitenje, namuyang'ana mlamu wakeyo kwa nthawi yoyamba chichokereni kumanda. M'maso mwake munalibe mkwiyo. Munali kutopa kokha.

"Yunesi anandilumbiritsa kuti ndisanene, poti ankadziwa kuti mukadakana. Kalatayo kaperekeni ngati mufuna. Koma thobwa langa, alamu, chiyambireni kuphika silinawawepo. Linkachoka pano lotsekemera. Ankakuthirirani m'chikho ndani?"