Chaka Chodya Masamba

Namwino atamuuza kuti akwere pa sikelo, mayi telala anavula nsapato, kenako ndolo zomwe. Namwinoyo anaseka, nayenso n'kuseka. Kenaka anakakhala pabenchi kudikira adokotala.

Banja lake linalibe mphatso, ndipo zaka zinali kupita. Chaka chatha iye ndi mwamuna wake anabwera pachipatala chomwechi, pamene amaphatikiza dzira la mayi ndi mbewu ya bambo kunja kwa thupi n'kuziika m'chiberekero. Anawayeza onse awiri. Tsiku lomva zotsatira iye anapanikizika ndi madiresi a ukwati wa eni, choncho bamboyo anapita yekha. Anabwerako nkhope ili yakugwa. Adokotala akuti thupi lako lakula, anatero, mafuta achuluka m'magazi, chithandizo sichingagwire mpaka zitatsika. Anamugwira dzanja n'kumulonjeza kuti adikira.

Anadikiradi, mwamuna wosowa ngati ameneyo. Mayi telala anasiya zokazinga ndi zotsekemera, n'kukwatiwa ndi masamba owiritsa. Nyama ikaphikidwa, bamboyo ankadya ndi gawo la mkazi wake lomwe, ati kuti asalowe m'mayesero. Apongozi akamalalata kuti mwana wawo anakwatira mgolo wa mafuta, bamboyo ankawaletsa, ati mayi musatero, mwiniwake akuyesetsa.

Chimene chinkamupweteka mayiyo n'chakuti thupi lake lomwe ndilo linamugulitsa. Analilanga mopanda chisoni. Basi anaisiya, kushopu ankapita wapansi. Madiresi ake anawabweza m'chiuno mpaka pobweza panatha. Anzake amene ankamuseka kunenepa ndi omwewo anayamba kunong'onezana kuti kuonda kotere n'kwa matenda, ena mpaka kukasoketsa kwina. Pakamwa pa anthu sipasowa chonena.

Mayiyo akati tiyeni tibwerere kuchipatala, bamboyo ankati aonjezereko kuonda pang'ono, asakachite manyazi kachiwiri. Koma mazira a mkazi sadikira munthu. Lero mayiyo anabwera osamuuza, kuti madzulo akamudzidzimutse ndi nkhani yabwino.

Dzina lake litaitanidwa analowa monyadira. Adokotala, mayi wachikulire wa magalasi, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ngati wakhala akudwala. Iye anayankha kuti ayi, wangotsatira malangizo. Anamufunsa za kumwezi. Apa anazengereza, kenako anavomera kuti miyezi ina kukumadumpha.

Adokotala anavula magalasi. Anati thupi likaonda mopitirira, mazira amasiya kukhwima, ndiye chithandizo chiyambe chadikira kufikira atabwezeretsa thupi. Pa msinkhu wake, anatero, chaka chotayika sichibwerera.

Mayi telala anawayang'anitsitsa adokotalawo.

"Koma adokotala, si inu nomwe munati ndionde?"

"Ine? Mayi, thupi lanu ndi magazi anu zinali bwinobwino, mukanatha kuyamba mwezi womwewo. Amene ndinawauza kuti achepetse thupi ndi mafuta ndi amuna anu, chifukwa mbewu yawo yafooka. Ndinafuna kukuitanitsani, koma iwo anandichonderera kuti akakuuzeni okha."